Asanandichotse Mawu

Lachiwiri, 4 Ogasiti 1992

Andigoneka m'chipatala kuno ku Bindura. Bedi langa lili pazenera, ndikuona mulu wa dothi la mgodi umene ndinathandiza kuukweza. Mwana wanga Tambudzai wandigulira kope ili ndi pensulo, chifukwa mawu anga anasasa kuyambira pa Pasaka ndipo anesi atopa kundifunsa kawiri. Ndine Enoki Malizani wa ku Dedza. Ndinabwera kuno mu 1951, ndinaboola miyala ku Shamva ndi kuno mpaka anandipumitsa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye wowerenga asaseke.

Thupi likutentha, kupuma kukuvuta. Andiika diripi. Jakisoni wa penisilini m'mawa ndi madzulo.

Lachitatu, 5 Ogasiti

Atenga makhololo kukayeza chifuwa chachikulu. Andijambulanso m'chifuwa. Dokotala ndi mnyamata woti ndingamubereke. Anayang'ana chithunzicho pazenera nati fumbi la mgodi lilimo lambiri, koma si limene latseka mawu.

Mkazi wanga Zelesi, amake Tambu, anabwera masana ndi mahewu m'botolo. Anakonza bulangete kumapazi kwanga, nakhala pansi. "Mwadya?" Ndinati ndadya. Anakhala chete mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Ndinadziwa kale kuti zikhala choncho.

Lachisanu, 7 Ogasiti

Kutentha kwatsika. Sadza, nsima ya muno, ndi la chimanga chachikasu cha chilala chino, limakanda pakhosi. Ndikumwa phala lokha.

Mnzanga wa bedi lakumanzere ndi Che Abdulla, telala wa ku Chiwaridzo, Myao wa ku Mangochi. Shuga wamudyera zala ziwiri za kuphazi koma pakamwa sanamukhudze. Atamva kuti ndine wa kumudzi anafuula, "Achimwene! Ndiye mwagona ngati Mzezuru wa dziko lino bwanji osapereka moni?" Ndinamulozera pakhosi. Anati, "Zabwino, ndiyankhula za tonse awiri."

Waona kale za ine ndi amake Tambu. Akuti, "Awo ndi akazi anu kapena ndi apolisi okulonderani?" Sindinaseke.

Lamulungu, 9 Ogasiti

Lero ndili ndi mphamvu pang'ono, ndilemba chimene chimandidya. Sindinachiuzepo munthu.

Mu 1971 tinali kukomboni ku Shamva. Tsiku lina m'mawa ndikupita ku shifiti, mkazi wanga ananditsatira mpaka pachipata, chinthu chimene sankachita. Anandigwira dzanja la malaya nati, "Enoki, mubwere msanga. Nyumba ija imandikulira inu kulibe. Ndimakukondani." Anatchula dzina langa lenileni, pamsewu, anthu akudutsa. Ndinachita manyazi, sindinayankhe, koma ndinalowa pansi ndikumwetulira ngati chitsiru.

Tsiku lomwelo denga la mgodi linagwa. Mwala unandipana mwendo, mnzanga Tobiasi ali pambali panga. Anatitulutsa mawa lake. Mkazi wa Tobiasi anadzigwetsa pansi, akulira, akumutchula mayina onse okoma, chonsecho Tobiasi anangothyoka chala. Wanga anaima chapatali, anayang'ana mwendo wanga, nati, "Mwadya?"

Kuyambira pamenepo sanatchulenso dzina langa, ndipo mawu aja sanawabwerezenso. Amaphika, amachapa, anandisambitsa miyezi yonse ndili pandodo. Koma ine ndinaona kuti mawu aja anali a mwamuna wa miyendo iwiri. Wotsimphinayu anatsala ndi chisoni chokha. Ndinalumbira kuti nanenso sindidzamuuza kanthu. Ayambe ndi iye.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Ndabwerako ku Harare. Anapita nane Lachiwiri pa ambulansi. Anandigoneka tulo, nalowetsa kachitsulo ka nyali pakhosi, nabudulako kanyama kuti akayeze. Pakhosi pakuwawa ngati ndameza khala. Chifuwa chachikulu akuti palibe. Mapiritsi awiri oyera katatu patsiku.

Loweruka, 15 Ogasiti

Che Abdulla alibe womuyendera kupatula mdzukulu wake Loweruka. Mkazi wake Asima anamwalira zaka zapitazo. Koma amamutchula ngati wangopita kumsika.

Lero anati, "Achimwene, Asima anali ndi pakamwa ngati lumo. Tsiku lina tili m'basi yochokera ku Jumbo Mine, basi yodzaza, ananena mokweza, 'Iwe mwamuna wa miyendo ngati singano, amuna analipo ambiri koma ndinakusankha ndekha, ndipo mawa ndingakusankhenso.' Basi yonse inaseka. Ine ndinafuna kulowa pansi pa mpando. Lero mashini ndinagulitsa, nsalu zake anagawana abale, mbale zinasweka. Chatsala ndi chimenecho. Akamanditsuka bala ili ndimangoti, miyendo ngati singano, miyendo ngati singano, mpaka nesi amalize."

Ndinamulembera papepala kuti wanga ananena kamodzi, nalanda. Anawerenga movutika nati, "Inu munayankha chiyani?" Ndinatembenukira kuzenera.

Lachisanu, 21 Ogasiti

Zotsatira zabwera. Khansa ya pakholingo. Dokotala anakhala pabedi panga, anayankhula Chishona pang'onopang'ono kuti ndimve zonse. Akuti ikadali pamalo amodzi. Akachotsa kholingo lonse ndikhoza kukhala zaka. Ndidzapumira pabowo limene adzaboole pakhosi. Ndinamufunsa za mawu. Anati mawu adzapita, sadzabweranso. Akapanda kuchotsa, njira ya mpweya idzatsekeka mvula isanathe.

Ndinavomera. Ndipita ku Harare Lolemba pa 31, opaleshoni Lachitatu lake.

Che Abdulla anamva zonse. Kenaka anati, "Chakukhosi munachisunga nthawi yaitali, achimwene, onani chamera." Ndinamuponyera silipasi.

Loweruka, 22 Ogasiti

Ndaganiza chinthu chimene dzulo sindinachione. Anesi ndidzawalembera. Tambudzai ndidzamulembera. Koma amake Tambu sadziwa kuwerenga, ngakhale dzina lawo amadinda ndi chala. Akandichotsa kholingo, chimene sindinawauze chidzakhala chosanenedwa mpaka kumanda.

Mkwiyo ndikadali nawo, sindinama. Koma sindilola kuti mpeni wa dokotala ndiwo utseke nkhani ya m'nyumba mwanga. Lumbiro lija ndalithyola. Ndinena ndine, ayankhe asayankhe.

Lamulungu, 23 Ogasiti

Amake Tambu anabwera ndi amayi a kutchalitchi asanu ndi mmodzi atavala zoyera. Anaimba, anapemphera, mmodzi anandidzoza mafuta pamphumi. Munthu unganene chiyani pamenepo? Anandisiyira nthochi zopsa kwambiri kuti ndithe kumeza. Ndinagawana ndi Che Abdulla.

Lachiwiri, 25 Ogasiti

Lero mkazi wanga anabwera yekha. Ndinati, "Amake Tambu." Anati, "Mukufuna madzi?" Ndinati inde. Ndinamwa madzi amene sindinkawafuna.

Atapita Che Abdulla anati, "Munthu woboola thanthwe walephera kuboola pakamwa pake. Yesererani pa ine. Tiyeni, ndine Zelesi." Anadzifunditsa thawulo kumutu, nayamba kuphethira. Wodi yonse inafa nako kuseka, ngakhale mkulu wa pakona amene sadzuka. Nesi anatikalipira. Ineyo ndinaseka mpaka kutsokomola magazi pang'ono.

Atenga magazi kawiri, akuti akuona ngati ndingapirire opaleshoni. Andiwonjezera mapiritsi ofiira a magazi.

Lachinayi, 27 Ogasiti

Mawu akuchepa. M'mawa amatuluka ngati mluzu, madzulo amatheratu. Ndasiya kuyankha anesi, ndikusunga otsalawo.

Tambudzai anabwera pochokera kuntchito. Ana obadwira kuno savutika nazo izi. Anandigwira mutu nati, "Baba, ndinokudai," ndiko kuti ndimakukondani m'Chishona, ngati akupereka moni. Chichewa amamva koma akayankhula chimatuluka chopindika. Ndinamuuza pang'ono za vuto langa ndi amake. Anati, "Nyorai, lembani, baba, ine ndiziwawerengera amai." Ndinakana. Mawu otere sapita ndi mtumiki, ndiponso mwana sanganene kwa amake zimene ndikufuna kunena. Ndinangomupempha kuti Lamulungu awatsekereze amayi a kutchalitchi aja, amake abwere okha, m'mawa mawu akadalipo. Anakapempha chilolezo kwa sisitala wamkulu, wavomera.

Loweruka, 29 Ogasiti

Ndameta ndevu. Che Abdulla wandisokera batani la malaya ndi ulusi wochotsa pabulangete. Akuti mkwati sapita ndi malaya otsegula.

Lamulungu, 30 Ogasiti

Ndilemba zonse.

Anabwera dzuwa litakwera pang'ono. Ndinati titulukeko. Tinakhala pabenchi kuseri kwa wodi, pansi pa mtengo wa mango umene chaka chino sunachite maluwa. Anayamba kumasula kansalu ka chakudya. Ndinagwira dzanja lake.

Ndinati, "Zelesi."

Anadzidzimuka ngati ndamutaya madzi ozizira. Ndinati, "Zelesi, mawa ndikupita, ndipo mawu awa sindibwera nawo. Ndikufuna mumve kuti ine..."

Ananditseka pakamwa ndi chikhatho. Mwamphamvu, mpaka mano anandipweteka. "Ayi! Bambo a Tambu, musatero. Mukanene mukabwerako."

Ndinachotsa dzanjalo. "Ndikabwerako ndidzanena ndi chiyani? Ndi mphuno?"

"Ndiye musanene n'komwe. Mukhale chete koma mukhale moyo."

Mkwiyo wonse unakwera. Ndinati, "Chete ndi wanu. Munanena kamodzi ku Shamva, mutaona mwendo wathyoka munabweza mawu anu. Mkazi wa Tobiasi analira, inu munandifunsa za chakudya."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Kenaka anayamba kuyankhula, ndipo sindinamumvepo akuyankhula motalika chonchi.

Akuti atangofika kukomboni ali mtsikana, amayi akuluakulu anamukhazika pansi pampopi namulangiza za ukwati wa pamgodi. Chachikulu chinali ichi: mwamuna wopita pansi sumuuza mawu okoma, sumutchula dzina, sumuperekeza. Kutero ndi kutsanzikana naye, ndipo mgodi umamva. Umangomupatsa chakudya chake, apite. Anamuuza za Eliness, amene anaperekeza mwamuna wake Staford akuseka naye, ndipo Staford anatuluka pamachira atamufunditsa kumaso.

"Ndinasunga lamulo zaka zonse," anatero. "Tsiku limodzi lokha mtima unandipusitsa. Ndinanena. Dzuwa lisanalowe mwala unali pa inu. Amayi aja anabwera kunyumba, mmodzi wa iwo, amake Jimu, anandiloza chala nati, 'Tinakuona pachipata.' Usiku wonse ndinagwada, ndinauza Mulungu kuti akakutulutsani wamoyo, pakamwa panga sipadzatulukanso zotere. Atakutulutsani ndinafuna kukuwa kuposa mkazi wa Tobiasi. Ndinaluma lilime. Mwendo umenewo ndinathyola ndine, bambo a Tambu. Tsiku lililonse mukamatsimphina ndimaona ntchito ya pakamwa panga."

Ndinati, "Koma mgodi ndinasiya kalekale."

"Munasiya mukutsokomola. Ndinaona kuti mgodi sunakusiyeni. Ndipo Lachitatu akukulowetsaninso pansi, kumene ine sindingafikeko."

Ife amuna za pampopizo sitinkazidziwa, kapena ena ankadziwa koma ine palibe anandiuza. Zaka zonsezi ndinkagona pambali pa munthu wosenza mwala wanga, ine ndikumuwerengera mlandu.

Mawu anali atayamba kutha, ndiye ndinayandikira kukhutu kwake. Ndinati, "Mverani. Denga lija linagwa chifukwa kapitawo anatilowetsa mitengo yochirikiza isanaikidwe. Tinamuuza, anati aikona, fakani mashini, ndiko kuti ayi, yambani kuboola. Limenelo ndi limene linathyola mwendo. Tsopano ndikuuzeni za mawu anu. Nyali itazima, madzi akukwera, Tobiasi akuitana amake, ine ndinafuna kugona. Ndinadziwa kuti ndikagona sindidzuka. Ndinayamba kunena ndekha, nyumba imamukulira, nyumba imamukulira. Ndinati mkazi ameneyu wanena kuti ndibwere msanga. Ndinagogoda paipi ndi mwala mpaka anatimva. Mawu anu sanandigwetsere mwala, Zelesi. Ndi amene ananditulutsa."

Anafunanso kunditseka pakamwa, ndinagwira manja onse awiri.

Ndinati, "Tsiku lija sindinayankhe. Ndikuyankha lero. Ndimakukondani. Ndinakukondani pamene munatsika sitima nsapato zili m'manja poopa kuti zingathe. Ndinakukondani ndili wokwiya. Nyumba imene mulibe inu si nyumba. Ndanena. Mgodi ngati ukumva, umve."

Otsirizawo anatuluka ngati mpweya chabe, koma anamva. Anamanganso kansalu kake, manja akulephera mfundo, nati, "Mwadziitanira." Anapita osatembenuka.

Nditalowa Che Abdulla anakweza nsidze. Ndinagwedeza mutu kuti ndanena. Anati, "Nanga iwo?" Ndinatambasula manja. Anati, "Mwasoka mbali yanu. Inayo si yanu."

Lolemba, 31 Ogasiti

Harare. Zelesi anakwera nane ambulansi, njira yonse maso ali pansi, milomo ikuyenda. Akugona kwa mphwake ku Mbare. Che Abdulla ananditsanzika ndi Chiarabu chake, nati ndikabwera ndidzakhala mnzake wabwino koposa chifukwa sindidzamudula mawu.

Sindikudandaula kuti ndinanena. Koma ndikafa pa tebulo lija, mkazi ameneyu adzakhulupirira mpaka imfa yake kuti mawu amapha. Ndiye sindifa. Ndatsimikiza.

Lachiwiri, 1 Sepitembala

Andimeta pakhosi ndi pachifuwa. Kuyambira madzulo osadya, osamwa. Wogonetsa tulo anafunsa ngati ndili ndi funso. Ndinati mundidzutse basi.

Loweruka, 5 Sepitembala

Ndilipo.

Lamulungu, 6 Sepitembala

Ululu. Paipi pamphuno, paipi pakhosi. Akumapopa makhololo ndi mashini. Ndinayesa kuitana nesi, palibe chinatuluka. Ndinalira.

Lachiwiri, 8 Sepitembala

Andichotsa m'chipinda cha odwala kwambiri. Dokotala akuti anachotsa yonse imene anaiona, bala likauma adzandiotcha ndi magetsi kuti isabwerere. Chakudya ndi chamadzi, amathira pa paipi ya pamphuno. Pakamwa sipalowa kanthu mpaka atanena iwo. Fungo sindikumva.

Tambudzai akuti amake akhala pakhonde masiku onsewa, akukana kulowa mpaka dokotala anene yekha kuti ngozi yapita.

Lachitatu, 9 Sepitembala

Zelesi analowa masana. Anali ndi botolo la mahewu, nesi anamulanda pakhomo nati sekuru, agogowa, sakudya. Anafika pabedi manja ali opanda kanthu, osadziwa powaika. Anakonza bulangete kumapazi. Anayang'ana paipi ya pamphuno, anayang'ana kansalu kophimba bowo. Anatsegula pakamwa, ndinaona funso lake lija likubwera, koma analibweza. Panalibe choti afunse.

Ndinadziloza pachifuwa, ndinaloza pansi, kenaka ndinakweza dzanja m'mwamba monga tinkachitira pouza woyendetsa chikepe kuti tikwere. Anamva. Anati, "Mwatuluka."

Anakokera mpando pafupi. Anayang'ana uku ndi uku ngati amake Jimu angatulukire pansi pa bedi. Kenaka anati, "Munati munandikonda nditanyamula nsapato m'manja. Munati nyumba imene mulibe ine si nyumba. Munati ndili wokwiya, apo munanena zoona, nkhope yanu inali ngati chitseko. Ndawasunga onse. Ndakhala ndikuwanena pakhonde paja kuti angatayike. Mukadzawafuna muzindigwira dzanja, ndizikunenerani."

Ndinamugwira dzanja pomwepo. Anati, "Osati amenewo. Dikirani." Anapuma kwambiri.

"Enoki," anatero. Anayembekeza pang'ono. Denga silinagwe. Nesi anadutsa ndi kangolo kake ka mankhwala.

"Enoki, mubwere msanga kunyumba. Ikundikulira. Ndimakukondani, nkhalamba yokwiya inu."

Ananena mokweza kuposa mmene ankafunira. Mnyamata wa bedi lotsatira, amene sadziwa Chichewa, anafunsa kuti ambuya, agogo aakaziwa, akuti chiyani. Zelesi anatembenuka namuuza m'Chishona, mawu onse, osasiyako.

Lachinayi, 10 Sepitembala

Kutentha kulibe. Achotsa paipi imodzi ya pabala. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi ndi kubwerera. Ndalembera Tambudzai kuti akapita ku Bindura akauze Che Abdulla kuti mbali inayo yasokedwa.

Zelesi wabwera masana. Asanakhale n'komwe pansi wanditchula dzina.